Momwe Mungapezere Viza Yokamanga Banja ndi Bwenzi Lanu Lokhala Kunja

Anthu ambiri amene amakanizidwa viza yokamanga banja kunja sikuti chikondi chawo chimakhala chabodza. Kawirikawiri amagwa chifukwa chopempha viza yolakwika, kutumiza zikalata zosagwirizana, kapena kulengeza tsiku la ukwati viza isanatuluke. Wogwira ntchito amene adzaunike pempho lanu sakudziwani, sanakuonenipo muli awiri, ndipo sadzamva za usiku umene mwakhala mukuchezera pafoni. Iye ali ndi mapepala okha, ndipo amafuna kuti mapepalawo anene nkhani imodzi kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza. M'munsimu ndatchula malamulo a mayiko angapo kuti muone mmene amasiyanirana, koma popeza malamulowa amasinthasintha, musanalipire kalikonse tsegulani tsamba la pa intaneti la boma la dziko limene mukupitalo n'kuwerenga zimene likufuna pa nthawiyo.

Zofunika kusonkhanitsa musanayambe

- Pasipoti yanu ikhale ndi masamba opanda chidindo komanso nthawi yokwanira isanathe ntchito, ndipo pasipoti zakale musazitaye chifukwa zidindo zake ndi umboni wa maulendo anu.
- Mukhale ndi chikalata chanu cha kubadwa chochokera ku ofesi ya boma, pamodzi ndi za ana anu onse ngati muli nawo.
- Nonse awiri mupeze umboni wakuti ndinu omasuka kulowa m'banja, kaya ndi kalata ya boma yonena kuti simuli pabanja, chigamulo cha khoti chothetsa banja lakale, kapena chikalata cha imfa ya amene munali naye.
- Mnzanu ali kunjayo akonze pasipoti yake kapena chiphaso chomulola kukhala m'dzikomo, timapepala ta malipiro, kalata ya kuntchito, masitetimenti a kubanki ndi umboni wa nyumba imene mukakhalemo.
- Musunge zithunzi, matikiti a ndege, malisiti ndi mauthenga amene akusonyeza mmene ubwenzi wanu wayendera.
- Mupatule ndalama zokwanira fomu, kuyezedwa kuchipatala, mayeso a chilankhulo, kumasulira zikalata ndi ulendo wopita kumene kuli ofesi ya kazembe, chifukwa nthawi zina ofesi yoyenera imakhala m'dziko loyandikana nalo.
- Mukhale ndi imelo imodzi imene mumatsegula tsiku lililonse, chifukwa makalata onse a ku ofesi ya viza adzafikira kumeneko.

1. Dziwani chilolezo chimene mnzanuyo ali nacho

Si aliyense wokhala kunja amene angathe kuitanitsa munthu wodzamanga naye banja. Ku United States, viza ya otomerana yotchedwa K-1 imapemphedwa ndi nzika yokha ya dzikolo. Munthu amene ali ndi green card, chiphaso chomulola kukhazikika m'dzikomo asali nzika, sangaipemphe, koma ayenera kuyamba wamanga banja, kenako n'kupempha kudzera pa fomu ya I-130. Ku United Kingdom, woitanitsayo amayenera kukhala nzika, kapena wokhala ndi chilolezo chokhazikika, kapena wotetezedwa ngati wothawa kwawo. Ngati mnzanuyo ali pa viza ya sukulu kapena ya ntchito, njira yanu ndi ina, ya anthu otsatira mwini viza, ndipo si viza zonse za sukulu zimene zimalola zimenezi.

Chenjezo: mupempheni akuonetseni chiphaso chake ndi maso anu. Funsoli limachititsa manyazi pakati pa anthu okondana, koma munthu amene viza yake inatha kalekale sangaitanitse wina aliyense, ndipo ndi bwino kudziwa zimenezi ndalama zisanayambe kutuluka.

2. Sankhani njira musanasankhe tsiku la ukwati

Apa ndi pamene anthu ambiri amasokera, choncho pafunika kufatsa. Njira zilipo zitatu, ndipo iliyonse ili ndi viza yakeyake.

Njira yoyamba ndi yopita kukamangira ukwati m'dziko la mnzanuyo n'kukhala komweko. Viza ya K-1 imagwa m'gulu limeneli: mnzanuyo amatumiza fomu ya I-129F ku USCIS, ofesi ya boma yoona za anthu olowa ndi kukhazikika ku United States, inu mumakafunsidwa mafunso ku ofesi ya kazembe, ndipo mukalowa m'dzikomo muli ndi masiku 90 okha akuti ukwati uchitike. United Kingdom imapereka viza ya otomerana ya miyezi 6, ndipo pa miyezi imeneyi simuloledwa kugwira ntchito, kutanthauza kuti mnzanuyo ayenera kusenza yekha zofunika zonse za pakhomo. Australia ili ndi viza ya subclass 300 ya anthu okonzekera ukwati. Canada ilibiretu viza ya otomerana, ndipo amene angakuuzeni kuti akupezerani viza yotero ya dziko limenelo akukunamizani.

Njira yachiwiri ndi yomangira ukwati kwanu kapena m'dziko lina, kenako n'kupempha viza ya mwamuna kapena mkazi wa nzika. Kuipa kwake n'kwakuti mumakhala motalikirana muli kale pabanja, nthawi zina kupitirira chaka. Ubwino wake n'ngwakuti mumafika muli ndi ufulu wogwira ntchito, ndipo simulipira mapempho awiri motsatizana. Ku United States viza imeneyi ndi CR-1, kapena IR-1 ngati banja latha zaka ziwiri, ndipo ku United Kingdom imakhala ya miyezi 33 poyamba. M'kuona kwanga, ngati mnzanuyo angathe kubwera kudzamanga ukwati, njira imeneyi ndi imene imapeputsa moyo wa banja latsopano, chifukwa kukhala miyezi yambiri m'dziko lachilendo popanda ntchito kumayesa banja kwambiri kuposa mmene anthu amaganizira.

Njira yachitatu ndi ya anthu amene akufuna kungokachitira mwambo wa ukwati kunjako n'kubwerera. United Kingdom ili ndi Marriage Visitor visa ya miyezi 6 yothandiza pa zimenezi, koma siiwonjezeredwa nthawi ndipo simungaisinthe kukhala viza ya banja muli m'dzikomo.

Chenjezo: musapemphe viza ya mlendo wongocheza muli ndi cholinga chokakhalitsa. Pa fomu ya viza imeneyi mumalonjeza kuti mudzabwerera, ndiye zikadziwika kuti munanyamuka mutakonzeka kukhazikika, nkhani yanu imasanduka yachinyengo. Ku United Kingdom mlendo wamba saloledwa n'komwe kumanga ukwati kapena kuulembetsa. M'mayiko a ku Ulaya a m'gulu la Schengen viza ya alendo imalola masiku 90 okha pa masiku 180 aliwonse, ndipo amene akufuna kukakhala ndi mwamuna kapena mkazi wake amapempha viza ya nthawi yaitali ya dziko lenilenilo.

3. Onanani pamaso

Ubwenzi wa pa WhatsApp kapena pa Facebook, ngakhale utatha zaka zisanu, sukwanira pawokha. Viza ya K-1 imafuna kuti mukhale mutakumana pamaso m'zaka ziwiri zapitazo fomu isanatumizidwe, ndipo United Kingdom ndi Australia nazonso zimafuna kuti mukhale mutaonana. Ngati inu simungapeze viza yokamuona, iyeyo abwere, kapena mukakumane m'dziko limene nonse mungalowe mosavuta. Pa ulendowo sungani matikiti okwerera ndege, malisiti a malo ogona olembedwa mayina anu ndi zithunzi zimene muli ndi achibale.

Chenjezo: ukwati womangidwa wina palibe, kaya kudzera mwa womuimira, pafoni kapena pa intaneti, umakanidwa m'mayiko ena. Canada inasiya kuvomereza maukwati otere pa nkhani za viza m'chaka cha 2015.

4. Konzani zikalata kuti zigwirizane

Yalani zikalata zanu zonse patebulo n'kuyerekeza dzina, tsiku lobadwa ndi malo obadwira pa chilichonse. Chilembo chimodzi chosiyana pakati pa pasipoti ndi chikalata cha kubadwa chingathe kuimitsa pempho kwa miyezi. Mukapeza kusiyana, kakonzetseni ku ofesi imene inatulutsa chikalatacho, ndipo ngati sizikutheka, kalumbireni kwa woweruza kapena loya wovomerezeka kuti mayina awiriwo ndi a munthu mmodzi. Musafufute kapena kulemba pamwamba pa chikalata cha boma.

Zikalata zimene sizili m'chilankhulo cha dziko limene mukupitalo zimasuliridwe ndi womasulira wovomerezeka, amene amasainira ndi kulemba dzina lake. Mayiko ambiri amafunanso chidindo chotsimikizira kuti chikalatacho n'chenicheni. Pakati pa mayiko amene anasaina pangano la ku Hague la 1961, chidindochi chimatchedwa apostille, pamene kwina chikalata chimadutsa ku unduna woona za ubale wa mayiko kenako ku ofesi ya kazembe.

Chenjezo: kupatukana si kutha kwa banja. Ngati mmodzi wa inu anali pabanja lolembetsedwa ndipo khoti silinalithetse, pamaso pa lamulo munthuyo akadali pabanja, ngakhale patapita zaka 10 chisiyanirane. Chimodzimodzinso, ukwati umene unachitika mwa mwambo kapena m'nyumba ya mapemphero uyenera kukhala wovomerezeka ndi lamulo la dziko limene unachitikira, ndipo chikalata cha boma ndi chimene ofesi ya viza imachikhulupirira msanga.

5. Werengetsani ndalama molingana ndi lamulo

Boma lililonse limafuna kutsimikiza kuti munthu wobwerayo sadzadalira thandizo lake. Ku United Kingdom, kuyambira mu April 2024, woitanitsa amayenera kupeza mapaundi 29,000 pachaka, pamene kale malire anali mapaundi 18,600. Amene sakufikapo angathe kugwiritsa ntchito ndalama zosunga, koma zimene zimawerengedwa ndi zopitirira mapaundi 16,000, zikhale zitakhala mu akaunti kwa miyezi 6, ndipo kuti zilowe m'malo mwa malipiro onse pamafunika mapaundi 88,500. Ku United States, wosainira fomu ya I-864 yolonjeza kusamalira wobwerayo amayenera kupeza ndalama zosachepera 125 peresenti ya mlingo wa umphawi umene boma limalengeza chaka chilichonse, ndipo akalephera, munthu wina woyenerera angathe kusainira naye limodzi. Ku Canada, woitanitsa amalonjeza kusamalira mnzakeyo kwa zaka zitatu, ndipo lonjezoli silitha ngakhale banja litatha.

Chenjezo: musabwereke ndalama zambiri n'kuziika mu akaunti kutatsala milungu yochepa. Wounika amayang'ana mmene ndalama zakhala zikulowera mwezi ndi mwezi, ndipo ndalama yaikulu yongotulukira imafuna kufotokozedwa gwero lake. Onetsetsaninso kuti ndalama zolembedwa pa timapepala ta malipiro zikufanana ndi zimene zinalowa kubanki, komanso kuti sitetimenti yomaliza ndi yatsopano. United Kingdom siilandira ngati yatha masiku oposa 28 pa tsiku lotumiza pempho.

6. Lembani mayeso, kayezedweni, katengeni kalata ya kupolisi

Zinthu zitatuzi zimatha ntchito pakapita nthawi, choncho muzichite motsatana bwino. Yambani ndi mayeso a chilankhulo chifukwa ndi amene amafuna kukonzekera. United Kingdom imafuna Chingerezi cha mlingo woyambirira wotchedwa A1 pa pempho loyamba, ndipo Germany imafuna Chijeremani cha mlingo womwewo kwa ambiri mwa otsatira amuna kapena akazi awo. Musaganize kuti mwamasuka chifukwa chakuti munaphunzira m'Chingerezi kusukulu. Mayiko amene nzika zake sizilemba mayesowa ali pa mndandanda waufupi, ndipo mayesowo ayenera kulembedwa pamalo ovomerezeka ndi boma la dzikolo.

Za kuchipatala zimachitikira kwa dokotala wosankhidwa ndi ofesi ya kazembe, osati chipatala chilichonse. Chikalata chosonyeza kuti mulibe chifuwa chachikulu, chimene United Kingdom imafuna kwa anthu ochokera m'mayiko ambiri, chimagwira ntchito miyezi 6 yokha. Kalata ya kupolisi, kumene ikufunika, imachokera m'dziko lililonse limene munakhalamo nthawi yaitali, choncho ngati munagwirapo ntchito kunja yambani msanga kuifunafuna.

7. Sanjani umboni wa ubwenzi wanu

Kuchuluka kwa mapepala sikuthandiza ngati ali osokonekera. Lembani tsamba limodzi kapena awiri ofotokoza mmene munadziwirana, nthawi imene munakumana koyamba, maulendo amene munayenderana, tsiku limene munagwirizana zomanga banja ndi zimene mwakonza za m'tsogolo. Kenako ikani umboni motsatira nkhaniyo. Zithunzi zochepa za nthawi ndi malo osiyanasiyana, zolembedwa tsiku ndi mayina a anthu alimo, zimaposa zithunzi 200 za tsiku limodzi. Pa mauthenga, sankhani masamba angapo a mwezi uliwonse oonetsa tsiku, kuti zioneke kuti kulankhulana sikunadukize.

Ngati pali chinthu chimene mukudziwa kuti chidzadabwitsa wounika, monga kusiyana kwakukulu kwa zaka, kutomerana patangopita nthawi yochepa chidziwirane, kapena kusapezeka kwa makolo pa ukwati, chifotokozeni nokha m'kalatayo mwachidule ndi moona mtima. Wounika akachipeza yekha popanda mawu anu, amayamba kukayikira ndi zina zomwe zinalibe vuto.

8. Dzazani fomu nokha, ndipo muwerenge musanasaine

Fomu idzazidwe pa tsamba la boma lenilenilo. Mafunso onena za viza zimene munakanizidwapo, milandu, mabanja akale ndi ana ayankhidwe onse mwachilungamo. Kukanizidwapo viza si mlandu ndipo sikutseka njira, koma kubisa kumatseka. Mayiko amasunga zidindo za zala zanu, ndipo ena amagawana zimene akudziwa. Ku United Kingdom, chinyengo pa pempho chingathe kukuletsani kulowa kwa zaka 10, ndipo ku United States bodza pa nkhani yofunika lingathe kukuletsani kwa moyo wonse.

Chenjezo: samalani ndi madobadoba amene amalonjeza viza yotsimikizika kapena amati ali ndi munthu wawo mkati. Makampani monga VFS Global ndi TLScontact amangolandira zikalata ndi kutenga zidindo za zala, ndipo chigamulo chimachokera ku boma. Wina akakudzazirani fomu n'kulembamo bodza, mlandu ndi wanu chifukwa siginecha ndi yanu. Ngati nkhani yanu ili ndi zovuta, monga mlandu wakale kapena kuthamangitsidwapo m'dziko, funani loya wolembetsedwa m'dziko limene mukupitalo. Mukamaliza, sungani kope la fomu yonse.

9. Konzekerani mafunso a pamaso

Si mayiko onse amene amaitana munthu kukafunsidwa, koma ku United States n'zosapeweka. Werengani kope la fomu yanu dzulo lake, nyamulani zikalata zenizeni osati makope okha, ndipo mufike nthawi isanakwane. Mafunso amakhala a moyo wa tsiku ndi tsiku: kumene mnzanu amagwira ntchito, mayina a abale ake, ngati ali ndi ana, ndi kumene mukakhale. Musaloweze mayankho pamtima. Funso likakudutsani pemphani kuti alibwereze, ndipo chimene simukuchidziwa nenani kuti simukuchidziwa, chifukwa yankho longopeka likasemphana ndi la mnzanu limawononga kuposa kusadziwa.

10. Viza ikatuluka, yang'anani masiku

Onani ngati dzina ndi masiku zalembedwa bwino musanagule tikiti. Mukafika, pitani msanga ku ofesi yolembetsa maukwati. Ku England ndi ku Wales pamayenera kupita masiku 28 athunthu chilengezereni ukwati, ndipo boma likafuna kufufuza nthawiyi imafika masiku 70, choncho pa viza ya miyezi 6 palibe nthawi yozengereza. Ukwati ukachitika, tumizani pempho lotsatira viza isanathe. Ku United States imeneyi ndi fomu ya I-485 yopemphera green card, ndipo amene banja lawo silinathe zaka ziwiri amalandira green card ya zaka ziwiri, imene kuti isanduke yokhalitsa imafuna fomu ya I-751 m'masiku 90 omaliza. Kuyambira tsiku loyamba sungani makalata, mabilu ndi mapangano a nyumba okhala ndi mayina anu nonse, chifukwa adzafunidwa pa pempho lililonse lotsatira.

Pali mawu amodzi amene sindingawasiye. Pasipoti yanu ikhale m'manja mwanu nthawi zonse. Munthu amene chilolezo chake chadalira banja amaopa kuulula akamazunzidwa, poganiza kuti abwezedwa kwawo, koma United States ndi United Kingdom zili ndi malamulo olola wozunzidwa m'banja, akakhala pa chilolezo choyenerera, kupempha kukhala m'dzikomo payekha popanda siginecha ya womuzunzayo.

11. Mukakanizidwa, werengani kalata musanachite kanthu

Kalata yokana imatchula chifukwa ndi ndime ya lamulo, ndipo imanena ngati mungachite apilo. Ku United States, pepala lotchula ndime ya 221(g) nthawi zambiri limatanthauza kuti akufuna chikalata china kapena akufufuzabe, ndipo nkhaniyo imakhala isanatheretu. Ku United Kingdom, amene wakanizidwa viza ya banja ali kunja amakhala ndi masiku 28 ochita apilo. Ngati chinasowa ndi chikalata chimodzi, kupemphanso mwatsopano kungafulumire kuposa apilo, koma ngati akukunenani za chinyengo, musatumize pempho lina musanaonane ndi loya.

Zolakwika zimene zimabwerezedwa

Cholakwika chopweteka kwambiri ndi kulipiriratu holo, kusindikiza makhadi, kugula tikiti ndi kusiya ntchito viza isanatuluke. Ofesi ya viza siifulumira chifukwa cha tsiku limene inu mwalengeza, ndipo masiku amene imalemba pa tsamba lake ndi ongoyerekeza. Ngati akufuna umboni wakuti mukukonzekera ukwati, makalata okambirana ndi ofesi yolembetsa maukwati kapena malo amene angabweze ndalama ndi okwanira.

Ena amabisa mwana poopa kuti pempho lichedwa kapena kuti mnzawo akhumudwa. Mwana amene sanatchulidwe pa fomu yoyamba amavuta kwambiri kumuitanitsa pambuyo pake, ndipo kholo limaoneka labodza. Tchulani ana onse, ngakhale amene simukupita nawo, ndipo amene mukupita naye akhale ndi chilolezo cholembedwa cha kholo linalo kapena chigamulo cha khoti.

Palinso okhala m'dziko viza itatha poganiza kuti ukwati udzafafaniza zonse. Ku United States, munthu amene wakhala popanda chilolezo masiku oposa 180 n'kutuluka amaletsedwa kubwerera kwa zaka zitatu, ndipo akafika chaka chathunthu amaletsedwa kwa zaka 10. Ku South Africa, wopitiriza masiku oposa 30 amaletsedwa kwa zaka zisanu.

Zaka zakubadwa nazo zimaiwalika. Mayiko ambiri amafuna kuti nonse mukhale mutakwanitsa zaka 18, koma Netherlands imafuna 21, ndipo Denmark ili ndi lamulo la zaka 24. Mitala nayonso siivomerezedwa pa viza za banja m'mayiko monga United States ndi Canada, ngakhale ukwatiwo uli wovomerezeka kumene unachitikira.

Chomaliza chimaoneka chaching'ono, koma chagwetsa mapempho abwinobwino: kusintha nambala ya foni, imelo kapena malo okhala osadziwitsa ofesi. Kalata yopempha chikalata chowonjezera imabwera ndi masiku owerengeka oyankhira, ndipo masikuwo akadutsa pempho limagamulidwa ndi zimene zilipo. Muziyang'ana ngakhale m'bokosi la makalata osafunika la imelo yanu, ndipo mnzanu akasintha ntchito kapena nyumba pempho lili m'kati, adziwitse ofesiyo polemba kalata n'kusunga umboni wakuti anatumiza.